Boma Likatsala ndi Malo: Mmene California Imagulitsira Nthaka ndi Nyumba Zake

Chaka chilichonse, tsiku la 31 Disembala lisanadutse, nthambi za boma la California zimayenera kuchita kalembera wa malo awo. A ndende, a zipatala, a nkhalango, a asilikali, onse amaunika minda, mabwalo ndi nyumba zomwe zili m'manja mwawo, n'kulemba zomwe sakuzigwiritsa ntchito ndiponso sakuona kuti adzazifuna posachedwa. Mndandandawo umapita ku West Sacramento, pafupi ndi Sacramento, likulu la chigawochi, ku ofesi ya Department of General Services, yomwe anthu amangoitchula kuti DGS. Lamulo lake ndi gawo 11011 la Government Code. Ndi ntchito ya mapepala, yopanda phokoso, koma apa ndi pomwe pamayambira nkhani ya yemwe adzakhale mwini wa ena mwa malo odula kwambiri ku America.

Dziko la United States lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake wochita kuvoteredwa, nyumba yake ya malamulo, makhothi ake ndi thumba lake la ndalama. California yokha ili ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni. Malo a boma la chigawochi ndi osiyana ndi a boma lalikulu la ku Washington, ndi osiyananso ndi a makhonsolo a mizinda. Aliyense ali ndi ake, ndipo aliyense ali ndi malamulo omuuza chochita ndi malo omwe sakuwafunanso.

Kodi boma limatsala bwanji ndi malo? Nthawi zambiri n'chifukwa choti maganizo a anthu asintha. Zaka 100 zapitazo, odwala matenda a m'maganizo ndi anthu aulumali wa ubongo ankawasonkhanitsa m'zipatala zikuluzikulu kunja kwa mizinda, zokhala ndi minda, makola a ng'ombe, ngakhale manda ake omwe. Zitadziwika kuti anthuwa amakhala bwino m'nyumba zing'onozing'ono pakati pa anthu anzawo, zipatalazo zinayamba kutsekedwa chimodzichimodzi. Ndende za ana nazo zinatsekedwa. Misewu ina inajambulidwa pa mapu, malo ake n'kugulidwa, koma osamangidwa. Mizinda inakula n'kumeza malo omwe kale anali kutchire, moti munda womwe boma linagula pamtengo wozizira lero uli pakatikati pa tauni.

Chipatala cha Agnews chikuonetsa bwino zimenezi. Chinatsegulidwa m'zaka za m'ma 1880 pafupi ndi Santa Clara, pakati pa minda ya zipatso. Chivomerezi cha 1906, chomwe chinasakaza San Francisco, chinagwetsanso nyumba za chipatalachi n'kupha anthu opitirira 100, odwala ndi ogwira ntchito omwe. Anachimanganso. Pofika zaka za m'ma 1990, minda ya zipatso ija inali itasanduka Silicon Valley, kuchimake kwa makampani a makompyuta, ndipo ekala iliyonse inali golide. Boma linagulitsa maekala oposa 80 kwa kampani ya Sun Microsystems, yomwe inavomera kukonza ndi kusunga nyumba zingapo zakale, kuphatikizapo ina yokhala ndi nsanja ya wotchi. Sun inadzagulidwa ndi Oracle mu 2010. Odwala omaliza anachoka ku gawo la kum'mawa la chipatalachi mu 2009, ndipo mu 2014 maekala 81 a gawolo anagulidwa ndi akuluakulu a sukulu za ku Santa Clara pamodzi ndi khonsolo ya mzinda wa San Jose pamtengo wa madola 80 miliyoni. Lero pamenepo pali sukulu zitatu zoyandikana, kuyambira ya ana aang'ono mpaka sekondale. Chipatala china, cha Camarillo, chinatsekedwa mu 1997, ndipo mu 2002 nyumba zake zomwezo zinatsegulidwa ngati yunivesite ya California State University Channel Islands.

Mzere wa ogula

DGS ikalandira mndandanda, siithamangira kukhoma chikwangwani choti malo akugulitsidwa. Imayamba yafunsa nthambi zina za boma lomwelo ngati pali yomwe ikuwafuna. Zikatero malo amangosintha dzanja osatuluka m'boma, monga zinachitikira mu 2015 pomwe maekala pafupifupi 300 a chipatala cha Lanterman ku Pomona anaperekedwa ku yunivesite ya Cal Poly Pomona.

Pakasowa nthambi yowafuna, nkhani imapita ku nyumba ya malamulo. Aphungu ndiwo amavomereza kudzera mu bilu kuti malo akutiakuti ndi otsala ndipo atha kugulitsidwa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. Imatanthauza kuti palibe mkulu wa mu ofesi amene angadzuke m'mawa n'kugulitsa chipatala kwa mnzake mwakachetechete. Dzina la malowo limalembedwa mu bilu yomwe aliyense atha kuwerenga, phungu wa deralo atha kutsutsa kapena kuikapo mfundo zake, ndipo atolankhani amakhala akuona.

Aphungu akavomera, akatswiri amayerekeza mtengo wa malowo pamsika, ndipo DGS imawalengeza pa tsamba lake la pa intaneti. Apa ndiye ogula amaima pa mzere, ndipo lamulo ndi lomwe limanena woyamba. Kutsogolo kuli maboma ang'onoang'ono: makhonsolo a mizinda, a maboma, ndi akuluakulu a sukulu. Iwowa amapatsidwa masiku 90 kuti anene ngati akuwafuna. Pambuyo pawo pali mabungwe omwe si aphindu omanga nyumba za anthu opeza zochepa. Onsewa akakana, m'pamene makampani ndi anthu wamba amaloledwa kupikisana, ndipo aliyense amatchula mtengo wake. Kawirikawiri boma limafuna mtengo wa pamsika, koma lamulo limalola kutsitsa ngati malowo akukakhala paki, malo osungidwa mwachilengedwe kapena nyumba zotsika mtengo. Wogula motchipa chonchi amamangidwa ndi pangano lolembedwa m'mapepala a umwini, ndipo akawagwiritsa ntchito ina, boma litha kuwalanda.

Wogula amatenga malo monga mmene alili. Nyumba zakale za boma zimakhala ndi asibesitosi m'madenga ndi m'mapaipi, penti wa mtovu m'makoma, nthawi zina matanki a mafuta okwiriridwa pansi omwe akhala akudontha kwa zaka. Zina ndi zotetezedwa ngati mbiri ya dziko, sizigwetsedwa chisawawa. Komanso boma la chigawo likachoka, amene amalamula zomwe zimangidwe pamalopo ndi khonsolo ya mzinda, ndiye wogula wanzeru salipira asanadziwe kuti khonsoloyo imulola kumanga nyumba zingati. N'chifukwa chake zinthu zimatenga nthawi. Ndende ya anyamata ya Fred C. Nelles ku Whittier, yomwe inayamba mu 1891, inatsekedwa mu 2004. Kampani ya Brookfield inagwirizana ndi boma pa madola 42.5 miliyoni, koma maekala 74 amenewo anakhala chigonere zaka zoposa 10, anthu akukokanakokana, mpaka kukhothi, pa nyumba zakale zomwe zinayenera kusungidwa.

Nanga ndalama zimapita kuti? Anthu a ku California anayankha okha funsoli pa voti ya Novembala 2004, pomwe anavomereza Proposition 60A. Lamulo limeneli linati ndalama zogulitsa malo otsala zizibweza ngongole ya madola okwana 15 biliyoni yomwe ovota anali ataloleza boma kutenga kumayambiriro kwa chaka chomwecho, ndipo ngongoleyo ikadzatha, zizipita ku thumba losungira za mwadzidzidzi. Ngongoleyo inatha mu 2015. Nzeru yake ndi yomveka: malo amagulitsidwa kamodzi kokha, ndiye ndalama zake zisamalipire zinthu zomwe zidzafunikenso chaka chamawa.

Mzere umenewu ndi wochedwa, ndipo ambiri amadandaula nawo. Koma kuchedwa kwake kuli ndi phindu. Mzinda wodzaza ngati San Jose sungapezenso maekala 81 pamodzi omangapo sukulu, ngakhale utakhala ndi ndalama. Malo aja akanapita kwa wotchula mtengo waukulu tsiku loyamba, sukulu zitatu zija sizikanakhalapo.

Boma litagwira njakata

Mu 2009 chuma cha dziko lonse chinagwa, ndipo California inagwa nacho koopsa. M'mwezi wa Julayi boma linafika polipira ena mwa omwe linali nawo ngongole ndi mapepala olonjeza kudzalipira m'tsogolo, chifukwa ndalama zenizeni kunalibe. Bwanamkubwa Arnold Schwarzenegger anatchula malo omwe ankafuna kugulitsa, ndipo pa mndandanda panali ndende ya San Quentin, bwalo la masewera la Los Angeles Memorial Coliseum, ndi mabwalo angapo a zionetsero. Mu Ogasiti boma linachita okushoni ya magalimoto, makompyuta ndi mipando, ndipo bwanamkubwayo anasainira ena mwa magalimotowo kuti mtengo ukwere.

Ganizo lalikulu linali lina. Boma linasankha malo 11, okhala ndi nyumba 24 za maofesi zomwe linali kugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kuti lizigulitse kenako lizichita lendi momwemo kwa zaka 20. Pakati pa nyumbazo panali Ronald Reagan State Building ku Los Angeles, ndi nyumba ya ku San Francisco momwe mumakhala khothi lalikulu la chigawochi. Mu Okutobala 2010 DGS inalengeza kuti gulu la amalonda lotchedwa California First lapambana ndi madola 2.33 biliyoni. Pochotsa ngongole zomwe nyumbazo zinali nazo kale, boma likanatsala ndi madola pafupifupi 1.2 biliyoni otsekera dzenje la bajeti ya chaka chimodzi.

Nyumbazi sizinali zotsala ayi. Munali anthu akugwira ntchito, ndipo mawa lake akanabwereranso m'maofesi omwewo, kungoti tsopano kwa landilodi. Ofesi ya Legislative Analyst, yomwe imalangiza aphungu pa za chuma mosakondera chipani, inawerengetsa kuti pa zaka 35 boma lidzaononga madola pafupifupi 6 biliyoni kuposa mmene likanaonongera likanasunga nyumbazo. Inati zikufanana ndi kutenga ngongole ya chiwongoladzanja cha pafupifupi 10 peresenti, pomwe boma likanatha kubwereka motsika kwambiri kuposa pamenepo.

Anthu awiri omwe anali m'komiti yoyang'anira nyumba za boma ku Los Angeles, Jerry Epstein ndi Redmond Doms, anafunsa mafunso pa malondawa ndipo anachotsedwa pa maudindo awo. Anakamang'ala kukhothi. Mu Disembala 2010 khothi la apilo linaika chiletso. Nkhani itafika ku khothi lalikulu, oweruza onse asanu ndi awiri anadzipatula pa mlanduwo chifukwa nyumba yomwe ankagwiriramo ntchito inali pakati pa zogulitsidwazo, ndipo panachita kubwera oweruza ena ogwirizira. Nthawi ya Schwarzenegger inatha malonda asanatheke. Mu Febuluwale 2011 Jerry Brown, yemwe anamulowa m'malo, anathetsa malondawo. Ogula aja anasumira boma, ndipo mlanduwo unatha mu 2015 boma litalipira madola 24 miliyoni.

Chigawo choyandikana nacho cha Arizona sichinabwerere m'mbuyo. Mu Januwale 2010, pansi pa bwanamkubwa Jan Brewer, chinapeza madola 735 miliyoni pogulitsa nyumba zake, kuphatikizapo zipinda zonse ziwiri za nyumba ya malamulo, nsanja ya maofesi momwe mumakhala bwanamkubwa, ndi ndende zina. Chaka chomwecho chinaonjezera madola 300 miliyoni ndi nyumba zina. Pangano linali loti boma lizilipira kwa zaka 20 kenako nyumba zibwerere. Kunena mosabisa, kunali kuika nyumba ya malamulo pa pinyolo: katundu wapita ngati chikole, ndalama zabwera lero, ndipo powombola mulipira zambiri kuposa zomwe munalandira. Mu 2019 bwanamkubwa Doug Ducey analengeza kuti boma likuwombola nyumba za ku likuluzo.

Ngozi ina ya malonda a malo a boma ndi katangale, ndipo inaonekera ku Anaheim. Kumeneko wogulitsa anali khonsolo ya mzinda, koma lamulo lomwe linathyoledwa linali la chigawo. Lamulo la Surplus Land Act la 1968, lomwe linakhwimitsidwa mu 2019, limakakamiza makhonsolo kuyamba apereka mwayi kwa omanga nyumba zotsika mtengo asanagulitse malo awo. Anaheim inagwirizana zogulitsa bwalo la Angel Stadium ndi maekala pafupifupi 150 olizungulira kwa kampani ya mwini timu ya Angels pa madola 320 miliyoni, osadutsa mu ndondomekoyo. Nthambi ya boma yoona za nyumba inati mzindawo walakwa, ndipo chindapusa chake chinali madola 96 miliyoni. Kenako mu Meyi 2022 zinadziwika kuti a FBI akufufuza meya Harry Sidhu. Iye anatula pansi udindo, khonsolo inathetsa malondawo, ndipo pambuyo pake anavomera milandu kukhothi, kuphatikizapo kuti anapereka zinsinsi za mzinda kwa a mbali yogulayo zokambirana zili mkati.

Nyumba za msewu womwe sunamangidwe

Kufulumira kugulitsa kumapweteka. Kukakamira malo omwe boma silikuwagwiritsa ntchito kumapwetekanso, ndipo ululu wake umagwera anthu osauka. Nkhani yoonetsa zimenezi momveka ili kumpoto chakum'mawa kwa Los Angeles.

Kuyambira zaka za m'ma 1950 mpaka 1970, nthambi ya misewu, yomwe lero ndi Caltrans, inagula nyumba ndi malo pafupifupi 460 ku El Sereno, South Pasadena ndi Pasadena. Cholinga chinali kuzigwetsa kuti msewu waukulu wa 710, wochokera ku doko la Long Beach, udutse. Panatsala makilomita pafupifupi 7 okha kuti msewuwo ulumikizane. Eni nyumba analibe mwayi wokana, chifukwa boma lili ndi mphamvu yotenga malo a munthu pa ntchito yothandiza anthu onse bola lipereke chipukuta misozi. Ku Pasadena mbali ina inagwetsedwadi, ndipo anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo akuda ndi a mitundu ina yochepa, anasamutsidwa. Panatsala chidzenje chachikulu cha msewu wongothera panjira.

Anthu a ku South Pasadena anakana kuti tauni yawo idulidwe pakati. Mu 1973 anapeza chiletso kukhothi, ndipo mu 1999 woweruza Dean Pregerson anaperekanso china. Msewu unaima. Nyumba zija sizinagwetsedwe, sizinabwezedwenso kwa eni ake. Nthambi yomwe ntchito yake ndi phula ndi milatho inapezeka ili landilodi wa mabanja mazanamazana, ndipo inakhala choncho kwa zaka zoposa 50.

Inali landilodi wosasamala. Munthu woyenda m'misewu ya El Sereno ankaona nyumba zabwinobwino zitakhomedwa matabwa m'mawindo, udzu utamera mpaka pakhonde, penti atasupuka, pageti pali chikwangwani choti ndi malo a boma, osalowa. Khomo lotsatira munali banja lomwe lakhala likulipira lendi kwa Caltrans kuyambira ana ali m'manja mpaka anawo kukhala ndi ana awo. Ku Pasadena zina mwa nyumbazo zinali zikuluzikulu za mbiri yakale, kuphatikizapo yomwe anakuliramo Julia Child, mayi wotchuka pa zophikaphika pa wailesi yakanema. Mu 2011 nyuzipepala ya Los Angeles Times inaulula kuti madenga a nyumba zina anakonzedwa pa madola oposa 100,000 denga limodzi. Mu 2012 ofesi yolondoloza chuma cha boma inapeza kuti pakati pa Julayi 2007 ndi Disembala 2011 Caltrans inaluza madola pafupifupi 22 miliyoni chifukwa chosayendetsa bwino lendi, uku ikuononga madola 22.5 miliyoni pa ntchito zokonza zomwe zambiri sinathe kufotokoza bwino kufunika kwake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti lamulo logawira nyumbazi linalipo kale. Mu 1979 phungu David Roberti anadutsitsa lamulo lomwe mpaka lero limadziwika ndi dzina lake. Lamuloli limaika mzere wakewake, wosiyana ndi wa DGS. Woyamba ndi mwini wakale ngati akadali m'nyumbamo. Wachiwiri ndi wa lendi wopeza zochepa, yemwe amagula pamtengo wogwirizana ndi malipiro ake, bola usatsike kuposa womwe boma linagulira. Kenako mabungwe a nyumba zotsika mtengo, kenako a lendi ena pamtengo wa pamsika, ndipo okushoni imabwera pamapeto penipeni. Ndi lamulo lachilungamo, lozindikira kuti boma lomwe linasokoneza dera lili ndi ngongole kwa anthu a deralo. Vuto linali loti nyumba sizikanatchedwa zotsala msewu ukadali pa mapu, ndipo msewuwo unakhalabe pa mapu. Utalephera wa pamtunda, panabwera ganizo loboola ngalande ya pansi pa nthaka ya madola mabiliyoni angapo.

Mu Meyi 2017 bungwe la za maulendo la Los Angeles Metro linakana ngalandeyo. Caltrans inatsatira mu 2018, ndipo mu Okutobala 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anasaina malamulo ochotsa chigawo chimenecho cha msewu. Komabe nyumba zoposa 100 zinali zokhoma, mumzinda momwe anthu zikwi makumimakumi amagona m'matenti ndi m'magalimoto.

Mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utangofika ndipo boma likuuza aliyense kuti akhale pakhomo, mabanja osowa pokhala anatsegula nyumba zoposa 10 za Caltrans ku El Sereno n'kulowamo. Ankadzitcha Reclaiming Our Homes, ndipo anatengera chitsanzo cha amayi a ku Oakland a gulu la Moms 4 Housing, omwe miyezi ingapo m'mbuyomo analowa m'nyumba yopanda anthu ya kampani ina. Funso lawo linali lovuta kuyankha: munthu wopanda khomo akhala bwanji pakhomo, pomwe boma lomwe likulamulalo lakhoma nyumba zake? Caltrans inagwirizana ndi bungwe la nyumba la mzinda wa Los Angeles kuti mabanjawo akhale mwalamulo kwa kanthawi. Koma gulu lina litayesa zomwezo mu Novembala chaka chomwecho, usiku woti mawa lake ndi chikondwerero cha Thanksgiving, apolisi a California Highway Patrol anawatulutsa mokakamiza, ena mochita kuwanyamula, ndipo zithunzi zake zinafalikira dziko lonse.

Kuthyola chitseko cha nyumba ya boma ndi mlandu, ndipo mabanja ena omwe anadikira pa mzere mwalamulo anali ndi chifukwa chodandaulira. Koma palibe angakane kuti aphungu anafulumira pambuyo pa zimenezi. Mu 2021 panadutsa lamulo la nyumba za ku El Sereno ndi lina la South Pasadena, ndipo mu 2022 la Pasadena. Malamulowa analola mabungwe ndi makhonsolo kugula nyumba zopanda anthu pamtengo womwe Caltrans inagulira zaka 50 kapena 60 zapitazo, kuti ndalama zawo zipite ku kukonza. South Pasadena inaloledwa kugula nyumba zakale za mbiri motchipa chonchi, kuzigulitsa pamtengo wa pamsika, phindu lake n'kumangira nyumba zotsika mtengo. Mu 2022 chidzenje chija cha msewu chinabwezedwa ku khonsolo ya Pasadena, yomwe tsopano ikuunika chomangapo, komanso chomwe ingachitire mabanja omwe anasamutsidwa pamenepo.

Kubwereketsa m'malo mogulitsa

Pa 15 Januwale 2019, patangotha sabata imodzi chilowereni mu ofesi, Newsom anasaina chilamulo cha N-06-19. Chaka chimenecho kalembera anapeza anthu oposa 151,000 osowa pokhala mu California. Chilamulocho chinauza DGS ndi nthambi ya nyumba kuti aunike malo onse a boma n'kupeza omwe angamangidwepo nyumba zotsika mtengo. Anaunika zidutswa za malo zoposa 44,000.

Chachilendo chinali chakuti malowo sagulitsidwa. Boma limawapereka pa lizi ya nthawi yaitali, mpaka zaka 99, pa lendi yongoti dzina, nthawi zina dola imodzi pachaka. Omanga amapikisana posonyeza nyumba zingati, zotchipa bwanji komanso mwachangu bwanji zomwe angamange. M'mizinda ya California mtengo wa malo ndi womwe umalepheretsa ntchito zambiri zotere, ndiye ukachotsedwa, lendi ya wokhalamo imatsika. Umwini umakhalabe wa boma, ndipo malo aboma satsata malamulo onse a khonsolo pa zomangamanga, zomwe zimachepetsa mphamvu ya anthu olemera omwe safuna osauka pafupi nawo. Nyumba yoyamba kutha pansi pa ndondomekoyi inali Sonrisa, ya zipinda 58, pakati pa mzinda wa Sacramento, yomwe inatsegulidwa mu 2023. Ku South Lake Tahoe, tauni ya alendo komwe ogwira ntchito m'mahotela amasowa pogona, kunayambika ntchito yomanga Sugar Pine Village ya nyumba 248.

Liwiro lake silinakhutiritse. Mu 2022 ofesi yolondoloza chuma cha boma inanena kuti mwa malo 92 omwe DGS inasankha, ndi 19 okha omwe anali ataperekedwa kwa omanga, pomwe malo onsewo akanatha kunyamula nyumba zoposa 32,000. Chifukwa chachikulu chinali kuchepa kwa ogwira ntchito pa ndondomekoyo. Chaka chomwecho aphungu anaika ndondomekoyi m'malamulo, kuti bwanamkubwa wina asadzangoichotsa ndi cholembera.

Pali gulu lina lomwe kwa zaka zambiri silinali pa mzere uliwonse, ngakhale kuti malo onsewa anali awo boma lisanabwere. Mu Juni 2019 Newsom anapepesa mafuko a eni nthaka a ku California chifukwa cha kuphedwa ndi kulandidwa malo komwe boma la chigawochi linalimbikitsa m'zaka za m'ma 1800. Mu Sepitembala 2020 analimbikitsa nthambi za boma kuti zizigwira ntchito ndi mafukowa akafuna kuyang'anira nawo kapena kutenga malo a makolo awo omwe boma silikuwafunanso. Mu Juni 2024 boma linalengeza kuti libweza maekala oposa 2,800 ku fuko la Shasta Indian Nation, ndipo ena mwa malowo anakhala pansi pa madzi kwa zaka zoposa 100 mpaka madamu anayi a pa mtsinje wa Klamath atagwetsedwa.

Ku gombe la Mendocino, Caltrans inali ndi malo otchedwa Blues Beach, omwe inagula kalekale chifukwa cha msewu wa m'mbali mwa nyanja. Malamulo a Caltrans sankalola kuwapereka kwaulere, choncho mu 2021 aphungu anachita kudutsitsa lamulo lapadera lowapereka ku Kai Poma, bungwe la mafuko atatu: Sherwood Valley Band of Pomo Indians, Round Valley Indian Tribes ndi Coyote Valley Band of Pomo Indians. Lamulolo linaletsa kuchitapo malonda, ndipo linati anthu wamba apitirize kuloledwa kufika ku gombelo.